Nyimbo za amayi athu ndi tsiku la chiliza

Mwana wawo wamkazi, ku Nchalo:
Abale ndi alongo nonse a pa gulu lino, landirani moni. Papita miyezi isanu chiwaikireni m'manda amayi athu, ndipo monga tinapanganirana pa tsiku lomwazikana, chiliza chawo tidzachivundukula mu Ogasiti, anthu atakolola mapira ndi kugulitsa thonje, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Za simenti, njerwa ndi chakudya achimwene akuziyendetsa bwino, choncho sindizibwereza pano. Chimene chikundisowetsa tulo ndi funso lina: pa tsikulo padzaimbidwa chiyani, ndipo adzaimbe ndani?

Ndikufunsa chonchi chifukwa pa maliro paja tinabwereka zokuzira mawu, makwaya anabwera ndipo anaimba mokoma, koma nditabwerera kuno ndinazindikira kuti sipanamveke ngakhale nyimbo imodzi mwa zija amayi ankaimba pamtondo, kudimba, kapena potigoneka ife ndi ana athu. Munthu amene anakhala zaka zoposa 90 pakamwa pake posachoka nyimbo tinamuperekeza popanda nyimbo yake yeniyeni. Sindikuloza chala aliyense, pakuti inenso ndinali pomwepo ndipo sindinaganizeko. Ndikungopempha kuti ulendo uno tiganize tisanafike pa tsikulo.

Mdzukulu wamkazi, ku Ndirande:
Amayi, mwalankhula zimene zinali mumtima mwanga. Koma ndisanayankhe funso lanu ndili ndi langa laling'ono, chifukwa wolemba pa mwala akufuna kudziwa chaka chobadwa. Chiphaso cha unzika chimene agogo anatenga mu 2017 chikunena 1930. Kodi tilembe chimenecho?

Mwana wawo wamwamuna, ku Bangula:
Mphwanga, chaka cha pa chiphasocho chinali chongoyerekeza, chifukwa m'masiku amene amayi ankabadwa kumudzi kunalibe wolemba tsiku. Iwo eni ake zaka zawo ankaziwerengera pa njala ya 1949. Ankanena kuti njalayo inawapeza ali kale pabanja, ali ndi mwana wawo woyamba kumbuyo, malemu achemwali athu aakulu, asanayambe kukwawa. Mkazi wa nthawi imeneyo ankakwatiwa atangotha msinkhu, ndiye tikabwerera m'mbuyo zaka 17 kapena 18 tikufika cha m'ma 1931 kapena 1932. Ine ndikuti tilembe chaka cha pa chiphaso kuti mapepala asatsutsane ndi mwala, koma m'banja tidziwe kuti chaka chimene iwo ankayambira kuwerenga moyo wawo ndi 1949.

Za njalayo ankatiuza kawirikawiri. Mvula inakana, amuna ambiri anachoka kukasaka chakudya kutali, ena osabwereranso, ndipo amayi anatsala ndi ana ankapita kudambo pa bwato kukazula nyika, zija zimamera pansi pa madzi. Anali ndi nyimbo yake ya ntchito imeneyo. Wina akamira, otsala m'bwato ankaimba ndi kugogoda m'mbali mwa bwatolo, ndipo amayi ankati phokosolo linkatalikitsa ng'ona, komanso nyimbo ikafika pamapeto munthu asanavuuke onse ankadziwa kuti pansi pali vuto. Ndinaimva nyimboyo ndili mnyamata, ndipo ndinaimvanso mu 2002 pamene njala inabweza anthu kudambo komweko.

Mdzukulu wamkazi, ku Ndirande:
Zikomo amalume. Sindinkadziwa kuti nyimbo ija inali ya njala. Ine agogo ankandiimbira pondisambitsa, ndipo ndinkaiyesa nyimbo ya ana.

Mphunzitsi wopuma, ku Ngabu:
Ndikuthokoza kuti munandilowetsa pa gulu lino ngakhale sindine wa magazi anu. Ndinaphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri pa sukulu ya kufupi ndi mudzi wanu wakale, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, ndipo mayi anuwo ndinkawadziwa bwino, moti ana a sukulu akamakonzekera magule ndinkawatumiza kwa iwo.

Chimene ndikufuna ana ndi adzukulu amvetse n'chakuti mayiwa anali ndi nkhokwe ziwiri za nyimbo. Anabadwa Mmang'anja, kwa anthu a chikamwini, kumene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi. Anakwatiwa ndi Msena, kwa anthu amene amapereka chuma ndi kutenga mkazi kupita naye kwawo. Choncho anachoka pakati pa abale awo ali mtsikana, nakakhala pakati pa anthu a chilankhulo china, ndipo njira imene analowera m'mudzimo inali ya nyimbo. Anaphunzira utse, gule wa amayi a Chisena, mpaka anafika pomatsogolera eni ake, koma nyimbo za pamtondo za kwawo sanazitaye. Mukamvetsera bwino zimene ankaimba, mupeza kuti zodandaula ndi zosowa kwawo zinali m'Chimang'anja, pamene za chisangalalo ndi za pabwalo zambiri zinali m'Chisena.

Ndiye pali ulimba, umene ena amati valimba. Achinyamata a m'tauni mwina simunauone. Amasema timatabwa ta mtengo wouma bwino, tosiyana kutalika, n'kutindandalika pa chimango, ndipo pansi pake amamangirira zikho, zazikulu kumbali ya mawu aakulu, zazing'ono kumbali ya mawu aang'ono. Chikho chilichonse amachiboola pambali n'kumatapo kachikopa koyera kaja kangaude amaphimbira mazira ake, ndipo n'kamene kamachititsa kuti ulimba uzilira mwa nthetemya, mawu ake n'kumamveka kutali usiku. Masiku ano ena amamatapo kapepala kopyapyala ka pulasitiki, koma makutu ozolowera amasiyanitsa. Amuna awiri kapena atatu amaimba pa ulimba umodzi ndi timitengo tokulunga mphira kunsonga, aliyense ndi gawo lake, wina akuwomba kang'oma pambali. Akazi nthawi zambiri saugwira, koma amavina mozungulira ndi kuvomera. Mayi anuwo akalowa m'bwalo, oimba ulimba ankasintha liwiro kutsatira mapazi awo, ndipo zimenezi ndinaziona ndi maso angawa kangapo konse. Ine ndikanati pa chiliza pakhale ulimba.

Mwana wawo wamwamuna, ku Bangula:
Aphunzitsi, zonse mwanenazo n'zoona ndipo sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Koma pa nkhani ya ulimba pa chiliza ndiyenera kunena maganizo anga poyera, kuti pasadzakhale kung'ung'udza pambuyo. Amayi anali mayi wa Mvano kwa zaka zoposa 40. Tinawaika m'manda atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo amene anawanyamulira nkhata za maluwa anali amayi anzawo a mu mpingo. Ulimba tonse tikuudziwa kumene umapita: umayamba kukada, umachezera usiku wonse, ndipo pamene pali ulimba mowa susowa. Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndidzawaitana bwanji abusa kuti adzapempherere chiliza m'mawa, anthu atagona pabwalo lomwelo ataledzera? Nkhawa yanga ndi imeneyo, osati kudana ndi chikhalidwe chathu.

Mwana wawo wamkazi, ku Nchalo:
Achimwene, nkhawa yanu ndaimva ndipo ndi yomveka. Za mowa ndili mbali yanu. Koma ndikukumbutseni kuti amayi eni ake sanagawe moyo wawo pawiri monga tikufuna kuugawira ife. Ankabwera kuchokera ku Mvano, n'kuvula yunifolomu, kuipinda bwinobwino, kuiika m'sutukesi muja munali buku lawo la nyimbo, kenaka n'kumanga chitenje kupita pamtondo, ndipo nyimbo ya ku tchalitchi imene anabwera nayo pakamwa inkasanduka ya pamtondo munsi usanagwe kakhumi. Sindinawamvepo akunena kuti iyi ndi ya Mulungu, iyi si ya Mulungu. Ankakana nyimbo zotukwana ndi zonyoza munthu wolumala, zimenezo zokha.

Mukukumbukanso wailesi ija abambo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ulendo wawo womaliza wa Wenela, kutatsala pang'ono kuti ndege ija igwe ku Francistown mu 1974 ndipo boma liletse anthu kupita ku migodi? Inali wailesi yoyamba mbali yathu ya mudzi. Amayi ndiwo ankaisunga, ndiwo ankayanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu, ndipo madzulo anthu ankadzaza pakhonde kumvera MBC. Ankakonda kwambiri nyimbo za magitala ndi mabanjo, ndipo akaimva kawiri basi yalowa. Koma ikafika nthawi yosinja ankaitseka, amvekere wailesi sidziwa kudikira munsi.

Mdzukulu wamwamuna, ku Johannesburg:
Abambo, azakhali, aphunzitsi ndi nonse, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ku ntchito. Ndili ndi chinthu chimene mwina chingathandize. Nditabwera kumudzi pa Khirisimasi ya 2019 ndinakhala ndi agogo masana awiri pansi pa mtengo wa bwemba uja, ndipo ndinawajambula mawu pa foni. Ndili ndi nyimbo 14. Ndinazisunga pa kompyuta komanso pa intaneti, ndiye sizingatayike. Maganizo anga anali akuti pa chiliza tidzaziike pa zokuzira mawu kuti anthu adzamve agogo eni ake akuimba, ndipo pamenepo nkhani ya ulimba ndi mowa siidzakhalapo.

Pali vuto limodzi lokha limene ndiyenera kunena. Pa nthawiyo agogo anali atayamba kale kuiwala. M'nyimbo zambiri amaimba mzere umodzi n'kukhala chete kwa kanthawi, kenaka n'kuimba wina n'kukhalanso chete. Ndili ndi mnzanga wodziwa kukonza mawu pa kompyuta amene angadule malo opanda mawuwo kuti nyimbo zizimveka zolumikizana. Ndaika imodzi pano kuti mumve.

Mkamwana wawo, tsidya la kum'mawa:
Mwanangu, ndaimvera katatu nyimbo waikayo, ndipo ndalira katatu. Chonde mnzakoyo asadule kalikonse. Agogo ako pamenepo sanaiwale. Akudikira ovomera.

Nyimbo imeneyo ndi ya anthu awiri kapena atatu pa mtondo umodzi. Woyambitsa amaponya mawu ake munsi wake ukutsika, ndipo anzake amamuyankha minsi yawo ikutsika, motero mawu ndi minsi zimalukana osagundana. Pamene iwe ukumva chete, m'mutu mwawo munali mawu a anzawo. Tamveranso bwino: pa malo opanda mawuwo pakumveka kugogoda pang'onopang'ono. Chimenecho ndi chala chawo pa mphasa, akuwerenga kugwa kwa munsi wa mnzawo, ndipo akulowanso pa nthawi yake yeniyeni osaphonya. Iwe unali patsogolo pawo ndi foni, koma sunkadziwa choyankha, ndiye anakusiyira malo ako opanda kanthu. Sindikukudzudzula, chifukwa palibe anakuphunzitsa.

Ine ndinakhala nawo apongozi anga zaka 31, khomo ndi khomo. Ndinabwera m'banja lino ndili wamanyazi, wosadziwa Chisena, ndipo iwo anandiuza kuti nawonso anafika choncho. Anandiphunzitsa chilankhulo pamtondo. Akafuna kundilangiza sankandiitanira m'nyumba ayi, ankayambitsa nyimbo yonena za mkazi amene amasiya moto uzime, ndipo ine povomera ndinkadziwa kuti akunena ine, koma popanda wochita manyazi pamaso pa mnzake. Nanenso ndikakhala ndi chodandaula pa mwana wawo ndinkachiika m'nyimbo, iwo n'kuvomera, madzulo ake n'kumuitana mwana wawoyo kukalankhula naye. Milandu yambiri ya pakhomo pathu inathera pamtondo osafika kwa ankhoswe. Chigayo chitafika pafupi tinapumula mapewa, ndipo palibe mkazi angakane kuti chinatithandiza, koma bwalo lathu lija linatsekedwa nacho.

Mdzukulu wamwamuna, ku Johannesburg:
Amayi aang'ono, ndamveranso ndi zomvera za m'makutu, ndipo kugogoda kukumvekadi. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti ndinajambula nkhalamba yoiwala. Sindidula kanthu. Koma ndiye kuti zimene ndili nazozi ndi theka la nyimbo iliyonse. Theka linalo lili ndi ndani?

Mkamwana wawo, tsidya la kum'mawa:
Mwa nyimbo 14 zimenezo ine ndikhoza kuvomera mwina zisanu ndi zitatu. Zotsalazo ndi zakale kwambiri, za iwo ndi anzawo a msinkhu wawo. Mwa anzawo amene ankasinja nawo atsala atatu. Awiri tili nawo kuno kumtunda kumene tinasamukira, ndipo mmodzi anatengedwa ndi mwana wake, ali tsidya lanu la Bangula, alamu. Onse ndi okalamba kwambiri, mmodzi saonanso, koma mitu yawo ili bwino.

Mphunzitsi wopuma, ku Ngabu:
Mayi, mwatiphunzitsa tonse, ndi ine ndemwe amene ndinayamba ndi kuonetsa nzeru za ulimba. Ndiwonjezepo chimodzi pa za nyimbo zakalezo. Pakati pake payenera kukhala zina zimene si za kuno. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira 1986, anthu anawoloka malire ambirimbiri, moti panafika nthawi yoti m'boma la Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni nthaka. Ambiri anali Asena anzathu a ku Mutarara ndi madera ozungulira, olankhula chimodzimodzi ndi ife. Ndikukumbuka kuti mayi anuwo anapatsa amayi awiri a kumeneko kachigawo ka dimba lawo kuti adzalemo mbatata, ndipo madzulo ankakhala nawo pamodzi kusinthana nyimbo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anthuwo anayamba kubwerera kwawo, koma nyimbo zawo zinatsala. Ngati pa zojambulazo pali ina yotchula Zambezi kapena mlatho wa Dona Ana, dziwani kuti inachokera kwa amayi amenewo.

Mdzukulu wamwamuna, ku Johannesburg:
Ilipo, aphunzitsi. Ya chisanu ndi chinayi ikutchula Zambezi kangapo, ndipo agogo atamaliza kuiimba anakhala nthawi yaitali osalankhula.

Mdzukulu wamkazi, ku Ndirande:
Ine ndikufuna ndinene za usiku wa madzi, chifukwa ena a inu munangomva, koma ine ndinalipo. Munali mu Januwale 2015, ndili kumudzi pa tchuthi chimene chinatalika chifukwa cha mvula. Madzi anafika usiku, mtsinje wa Ruo utasiya njira yake yakale n'kudzera m'midzi. Tinathawira pa chulu chachikulu chija cha kuseri kwa khola, anthu oposa khumi, ana aang'ono asanu, madzi akuzungulira mbali zonse, mbuzi ndi nkhuku zikudutsa zikulira mumdima. Choopsa chachikulu chinali tulo, chifukwa mwana akangosinza akanatsetsereka n'kupita. Agogo, amene pa nthawiyo anali ndi zaka zoposa 80, anakhala pakati n'kuyamba kuimba. Anayamba ndi za m'buku, zitatha analowa za pamtondo, zitatha analowa nthano zija zokhala ndi nyimbo pakati, ndipo mwana aliyense ankamutchula dzina kuti avomere. Wosavomera ankamugwedeza. Mawu awo anasasa cha m'bandakucha koma sanaleke, mpaka kunayera, ndipo bwato linatipeza tsiku lachiwiri tonse tili amoyo.

Ku msasa wa ku Bangula kumene anatipititsa, amayi ena ankabwera ku tenti yathu madzulo kudzangokhala pafupi nawo. Amalume, inu munabwera kudzatitenga ndipo munaona. Nyimbo zimene zinasunga ana aja usiku umenewo zinali zosakaniza, za ku tchalitchi ndi za kumudzi, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu anamva zina n'kutseka makutu pa zina.

Mwana wawo wamkazi, ku Nchalo:
Mwana wanga wanena zimene ine ndikanalephera kulemba. Ndiwonjeze za nyimbo imodzi imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Amayi anali ndi nyimbo yaitali imene anaipeka okha, yotchula malo a mudzi wathu wakale mwa ndondomeko, monga mmene munthu angayendere kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Makhanga kukafika kudimba: mlambe wa pamphambano, chitsime, dooko la mabwato, manda, minda ya mabanja mmodzimmodzi. Sitimayo inasiya kuwoloka pa Chiromo madzi atadula njanji mu 1997. Kenaka kunabwera madzi a 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a namondwe wa Ana mu 2022, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anamaliza zimene zinatsala. Lero mukapita kumeneko mupeza mchenga ndi bango. Manda a abambo sitingathe kuloza pamene ali, n'chifukwa chake amayi agona kumtunda okha, kutali ndi mwamuna wawo. Palibe pepala limene linalemba kuti munda wa uje unali pakati pa uje ndi uje. Zonsezo zinatsala m'nyimbo imeneyo basi.

M'miyezi yawo yomaliza, alamu angandichitire umboni, amayi sankatizindikiranso bwino. Ine ankanditchula dzina la malemu achemwali. Koma ukangoyambitsa nyimbo ya mudziyo, ankailandira n'kuyenda nayo malo onse osadumpha ngakhale amodzi, maso ali chotseka.

Mdzukulu wamwamuna, ku Johannesburg:
Azakhali, imeneyo ndili nayo. Ndi yaitali kuposa zonse, ikupitirira mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo nayonso ili ndi malo odikira ovomera pakati pa dzina lililonse.

Mkamwana wawo, tsidya la kum'mawa:
Pa malo amenewo ovomera amatchula mwini wa malowo. Iwo akati munda wakuti, ife timayankha dzina la banja lake. Ine ndimadziwa a mbali ya kudimba okha. A mbali ya kusiteshoni amawadziwa ndi mayi ali ku Bangula aja, chifukwa kwawo kunali komweko.

Mwana wawo wamwamuna, ku Bangula:
Ndakhala chete kuyambira dzulo chifukwa ndimafuna ndiganize bwino, komanso ndinapita kukacheza ndi abusa. Ndinawafotokozera zonse monga zalembedwa pano, osabisa za ulimba. Anandiyankha kuti iwo alibe mlandu ndi mtondo kapena ndi nyimbo za amayi okalamba, ndipo chimene sangalole ndi mowa pa mwambo umene mpingo waitanidwa. Pamenepo ndiye poima ine, ndipo sindisuntha. Koma ndavomera kuti ndinafulumira kuika nyimbo zonse za kumudzi m'dengu limodzi ndi mowa.

Maganizo anga tsopano ndi awa. M'mawa tipite kumanda ndi abusa, amayi a Mvano ndi kwaya ya pa mpingo wawo, tikavundukule chiliza ndi mapemphero. Tikabwerako ndi kudya, masana onse akhale a nyimbo za amayi pakhomo. Za ulimba, aphunzitsi, ngati alipo oimba amene angavomere kuyamba dzuwa likadali m'mwamba ndi kuleka likamalowa, popanda mowa, abwere. Ndikudziwa kuti umenewo si mwambo wake wa ulimba, koma n'zimene ine ndingathe kusenza pamaso pa mpingo.

Mphunzitsi wopuma, ku Ngabu:
Bambo, ulimba wa masana uli ngati nsima ya dzulo, umadyeka koma si umene timaudziwa, pakuti mawu a zikho zija amamveka bwino kunja kukazizira ndi kukhala bata. Komabe mwambo ndi wa banja lanu, ndipo mwatsegula khomo limene poyamba linali lotseka. Ndikudziwa akuluakulu ena cha ku Tengani amene akadali ndi ulimba wa zikho zenizeni. Ndipita ndekha kukalankhula nawo sabata ya mawa, ndipo ndikawauza za malire mwaikawo kuti akabwera asadzadabwe.

Mwana wawo wamkazi, ku Nchalo:
Achimwene, takhuta, monga amathokozera Asena. Mwatipeputsa mtima. Tsopano pempho langa likupita kwa adzukulu, ndipo ndikulankhula ndi nonse, a ku Blantyre, a ku Lilongwe, a ku Joni, ngakhale amene mumangowerenga osalemba kanthu. Sindikufuna kuti pa tsikulo amayi atatu okalamba adzaimbe ife titakhala pa mipando tikujambula ndi mafoni ngati alendo. Tikatero tidzabwerera ndi theka linalo m'mafoni, koma pakati pathu padzakhalabe popanda wodziwa kuyankha. Ndikupempha kuti amene angathe afike masiku atatu tsikulo lisanakwane, tikhale pansi ndi amayiwo, tiziika mawu a agogo anu kuchokera pa foni, iwo azitiphunzitsa poyankha, mpaka zilowe. Pa tsiku lenilenilo agogo anu adzayambitse nyimbo kuchokera pa kachipangizo kakang'ono, ife ana ndi adzukulu tidzavomere ndi pakamwa pathu.

Ndalama imene tinaika padera ya zokuzira mawu zazikulu ndi jenereta ndikuti isinthe ntchito. Ilipire ulendo wa mayi a ku Bangula aja ndi wowaperekeza, bwato la pa Mtayamoyo ndi njinga za kabaza tsidya linalo, igulire amayi atatuwo chitenje aliyense ndi shuga, yotsalayo ipite kwa oimba ulimba.

Mdzukulu wamkazi, ku Ndirande:
Ine ndapempha kale tchuthi ku ntchito ndipo ndibwera ndi ana anga awiri. Wamkuluyo ali Sitandade 6 ndipo amalemba bwino, ndiye adzakhala ndi kope lolembamo mawu a nyimbo iliyonse, mbali ya woyambitsa ndi mbali ya ovomera, pamodzi ndi maina onse a m'nyimbo ya mudzi ija. Za Chisena adzatithandiza kalembedwe ndi aphunzitsi ngati angalole.

Mdzukulu wamwamuna, ku Johannesburg:
Ine ulendo wa basi ndi wa masiku awiri, koma ndiyesetsa kufika Lachitatu. Usiku uno nditumiza nyimbo zonse 14 pa gulu lino, iliyonse ndi nambala yake, kuti amayi aang'ono ayambe kuwamvetsera amayi awiri ali kumtundawo ndi kutiuza zimene akuzidziwa.

Mkamwana wawo, tsidya la kum'mawa:
Tumiza mwanangu, ndikawamvetsera mawa ndikachoka kudimba. Koma pali zinthu ziwiri zofunika zimene palibe watchula. Choyamba, nyimbo za pamtondo siziimbika manja ali pa maondo, zimafuna chosinja chenicheni. Ndapatula mapira ndowa zitatu, ndipo ndikupempha kuti aliyense wobwera kudzathandiza zophika asawatengere ku chigayo poganiza kuti taiwala. Chachiwiri, mtondo wa apongozi anga unapita ndi madzi a Freddy pamodzi ndi minsi yake. Umene ndili nawo pano ndi kamtondo kosinjira nsinjiro, sikangalole anthu atatu.

Mwana wawo wamwamuna, ku Bangula:
Alamu, za mtondo zisiyeni kwa ine. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mtondo waukulu umene amayi anapatsa malemu mkazi wanga chaka chimene tinakwatirana, ndipo wakhala chivundikire kuyambira pamene iye anatisiya. Ndauyang'ana madzulo ano, ulibe mng'alu. Minsi ilipo iwiri, wachitatu ndisemetsa sabata ino. Ndidzawoloka nawo pa bwato limodzi ndi mayi okalamba aja Lachiwiri, kuti adzukulu akamafika adzapeze zonse zili pabwalo.

Mwana wanga, pa nyimbo ukutumizazo uyambe ndi ya nyika ija ngati unaijambula. Ndikuganiza kuti mbali ya ovomera ndikuikumbukabe, chifukwa mu 2002 amene ankapalasa bwato la amayi ndinali ine.